Dothi la Pakhomo Limachita Kupangidwa

Aliyense amene wayendapo m'mizere ya nyumba za aphunzitsi, kapena za antchito a boma pa Boma lina lililonse m'dziko muno, waonapo mwambo umodzi umene suphonya. M'mamawa bwalo limasesedwa mpaka kuyera mbee, masamba a mango pamodzi ndi zinyalala za kukhitchini zimaunjikidwa pakona n'kuyatsidwa moto, ndipo utsi usanathe n'komwe mwana amatumidwa kumsika kuti akagule mpiru wa tsiku limenelo. Zimenezi zachitika kwa zaka zambiri, kotero kuti dothi la pabwalopo lauma gwaa ngati njerwa yootcha. Mwini nyumba akafunsidwa chifukwa chimene sanadzalirepo kanthu, amayankha mosachedwa kuti malowo ndi oguga. Ife tikuti malowo anagugitsidwa ndi tsache ndi machesi, pakuti chilichonse chimene chikadaola n'kudyetsa nthaka chinathera pamoto, ndipo dothi la pamwamba linakokoloka ndi madzi ogwa padenga.

Nthaka ya munda wa mahekitala awiri munthu amailandira monga momwe waipezera, ndipo kuibwezera m'chimake kumatenga zaka. Koma dothi lokwanira kupatsa banja ndiwo zamasamba ndi lochepa kwambiri, ndipo limenelo limachita kupangidwa ndi manja, monga momwe mayi amaumbira mbiya. Njira yake ndi bedi lokwezeka, ndiko kuti kamunda kakang'ono kotalika m'litali koma kochepa m'lifupi, kamene dothi lake losakaniza ndi manyowa launjikidwa kuti likwere pamwamba pa bwalo, ndipo phazi la munthu silipondapo. Palibe chachilendo pamenepa. Makolo athu anali kuunda mitumbira ya mbatata ndi chinangwa, chimanga timadzala pamizere, ndipo mlimi aliyense wa fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji amadziwa kukonza mabedi a nazale. Chimene chatsala ndi kubweretsa luso limeneli kuseri kwa nyumba, ndi kulidyetsa manyowa opangidwa pakhomo pomwepo m'malo mwa feteleza ndi mankhwala a m'sitolo.

Tikunena izi poti nthawi yasintha. Feteleza amene timathira m'minda yathu amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu Febuluwale 2022 mtengo wake, umene unali utakwera kale, unakwereratu pa dziko lonse. Mu Meyi chaka chomwecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Munthu wodikira malipiro a pamwezi safunika kuuzidwa tanthauzo la manambala amenewa, chifukwa amalimva m'thumba pofika pakati pa mwezi. Ndipo ndalama zikachepa pakhomo, ufa sutsalira kugulidwa. Chimene chimayamba kuchepa m'mbale ndi ndiwo. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso tsiku lililonse. Aphunzitsi amalemba pabolodi magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ana n'kuloweza bwino lomwe, koma gulu la zamasamba limafika panyumba ngati kampukutu kamodzi kogawana anthu asanu ndi awiri.

Tisanapitirire, tiyenera kuchenjeza za changu chopanda nzeru. Pali ena amene akamva za ulimi wa manyowa amafuna kuti dziko lonse lileke feteleza mawa lomwe. Dziko la Sri Lanka linayesa zimenezo. Mu Epulo 2021 boma la kumeneko linaletsa kuitanitsa feteleza wa m'mafakitale, alimi asanakonzekere, ndipo zokolola za mpunga zinatsika kotero kuti pofika Novembala chaka chomwecho lamulolo linafewetsedwa. Chifukwa chake n'cha masamu chabe. Thumba la Urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a mchere wa nayitirojeni umene umabiriwiritsa mbewu. Manyowa abwino a kompositi amakhala ndi pafupifupi kilogalamu imodzi kapena ziwiri za mchere umenewu pa makilogalamu 100 alionse. Motero kuti mlimi apeze mphamvu ya thumba limodzi lija ayenera kututa manyowa oposa tani imodzi, mwinanso matani awiri, ndipo munda wa chimanga umafuna matumba angapo. Imeneyo ndi ntchito ya ngolo ndi ng'ombe. Koma masamu omwewo akabwera pabedi la ndiwo amatembenuka n'kukhala mbali yathu. Bedi lotalika mamita 5 ndi lifupi la mita imodzi ndi masentimita 20, likakhazikika, limakhuta ndi ndowa zitatu za manyowa nthawi iliyonse imene mukudzala. Ndowa zitatu zimenezo zimatuluka m'zinyalala zomwe zija zimatenthedwa m'mawa uliwonse. Chimene chili chovuta pa hekitala n'chapafupi kuseri kwa nyumba, ndipo n'chifukwa chake tikulankhula za bedi, za munda wa chimanga tazisiyira alangizi.

Anthu a mumzinda wa Havana ku Cuba anaphunzira zimenezi njala itawagwira pakhosi. Dziko la Soviet Union, limene linkawagula shuga ndi kuwatumizira mafuta, feteleza ndi chakudya, linatha mu 1991, ndipo zonsezo zinaduka pafupifupi nthawi imodzi. Malori otuta ndiwo kuchokera kumidzi anaima. Malo opanda nyumba a mumzindamo anali a miyala, zigumukire za makoma ndi dothi lakufa, oipa kuposa bwalo lililonse la nyumba ya mphunzitsi kuno kwathu. Iwo sanadikire kuti nthaka ikhale bwino. Anamanga timakoma tatifupi ta miyala ndi mabuloko, n'kudzazamo dothi losakaniza ndi ndowe, zotsalira za m'mafakitale a nzimbe ndi manyowa opangidwa ndi nyongolotsi, ndipo minda yotereyi anaitcha organopónicos. Umodzi mwa yodziwika kwambiri, wa Vivero Alamar kum'mawa kwa mzindawo, unayamba mu 1997. Tisanamizane: mabedi amenewa sanathetse mavuto onse a chakudya ku Cuba, dziko limene likugulabe kunja gawo lalikulu la mpunga ndi tirigu wake. Koma anabwezera ndiwo zamasamba m'mbale za anthu a m'tauni, ndipo anaonetsa poyera kuti malo amene munthu akuti ndi oguga angabale chakudya m'miyezi yowerengeka ngati dothi labwera nalo iye mwini.

Tsono bedi limamangidwa motani? Malo ake akhale ofikapo dzuwa kwa maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, kutali ndi mizu ya bulugama ndi mthunzi wa mango, komanso pafupi ndi khitchini kuti maso aziliona ndi kuti madzi asamachite kusenzedwa mtunda. Lifupi lisapitirire mita imodzi ndi masentimita 20, pakuti dzanja la munthu limafika pafupifupi masentimita 60, ndipo woima mbali iyi kapena iyo ayenera kufika pakati popanda kuponda. Lamulo losaponda limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse. Dothi lopondedwa limatsekeka, mpweya ndi madzi sizilowa, mizu imapindika, ndipo ntchito yonse imabwerera pomwe inayambira. Pansi pa bedi pakumbidwe kaye mozama kuposa mpeni wa khasu kuti dothi lolimba lija lisweke. Kenaka dothi la pamwamba la m'tinjira ta m'mbali likokeredwe pabedipo, lisakanizidwe ndi manyowa okhwima, gawo limodzi la manyowa pa magawo awiri a dothi, mpaka likwere masentimita 20 kapena 30. Bedi la muyeso tatchula uja limadya mawilibala pafupifupi 25 a dothi losakanizalo, ndipo imeneyi ndi ntchito ya Loweruka liwiri kwa banja logwirizana. M'mphepete mwake mungaikidwe zidutswa za njerwa, miyala kapena nsungwi. Matabwa ndi kungodyetsa chiswe, ndipo mitengo yonyikidwa m'mankhwala akuda, monga ya mawaya a magetsi, isayandikire chakudya. Amene alibe chilichonse mwa izi asadandaule, chifukwa bedi lopanda khoma limaimanso bwino ngati m'mbali mwake mwapendekeka ndi kuphimbidwa ndi udzu. Mpanda wokha ndiwo sungalekedwe. Nkhuku imodzi imafukula m'mphindi khumi zimene munthu wafesa tsiku lonse, ndipo mbuzi zikamasulidwa anthu atakolola sizisankha bedi la mphunzitsi wamkulu.

Pa manyowa m'pamene tiyenera kukhalitsa pang'ono, popeza ambiri amalephera pamenepa n'kumanena kuti njirayo ndi yabodza. Mulu wa zinyalala si manyowa. Manyowa ndi chakudya chophikidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo tizilomboto timafuna zinthu zinayi: zouma, zaziwisi, madzi ndi mpweya. Zouma ndi mapesi oduladula, udzu, masamba akugwa, makoko a mtedza ndi gaga woonongeka. Zaziwisi ndi makoko a nthochi ndi mbatata, udzu wongomwetedwa kumene, masamba a deliya amene amamera okha m'mbali mwa misewu, masamba a gilisidiya, pamodzi ndi ndowe kapena zitosi. Izi zimayalidwa mosinthanasinthana, zouma zochuluka, zaziwisi pamwamba pake, kadothi pang'ono, kaphulusa kongowaza, ndi madzi, mpaka mulu ufike m'chiuno. Madzi akwanira ngati munthu afinya manyowawo m'dzanja n'kutuluka dontho limodzi kapena awiri okha. Pakati pa mulu pazikidwe ndodo. Pakatha masiku atatu kapena anayi ndodoyo ikazulidwa iyenera kutentha, ndipo kutentha kumeneko ndi kumene kumapha njere za udzu ndi tizilombo tambiri ta matenda. Ndodo ikakhala yozizira ndiye kuti madzi kapena zaziwisi zachepa. Mulu ukanunkha ngati chimbudzi ndiye kuti madzi achuluka ndipo mpweya wasowa. Mulu utembenuzidwe pakatha milungu iwiri kapena itatu, za kunja zilowe mkati, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango mvula yoyamba itagwa. Alangizi athu a zaulimi amaphunzitsa njira zingapo, monga ya m'dzenje, ya changu, ndi ya chimato imene mulu umamatidwa ndi matope kuti usunge chinyezi. Zonse n'zabwino. Pongodutsa tinene kuti manyowa otchedwa Mbeya, amene atchuka masiku ano, amasakanizidwa ndi feteleza wa m'sitolo. Ndi othandiza kumunda wa chimanga, koma pabedi la ndiwo safunika.

Pali zinthu zimene siziyenera kulowa pamulu: mapulasitiki, mabatire a tochi, magalasi osweka, chimbudzi cha munthu, cha galu ndi cha mphaka. Zitosi zaziwisi za nkhuku zikathiridwa mwachindunji zimawaula mbande, ndipo ndowe zaziwisi zimanyamula majeremusi otsegula m'mimba. Ku America, malamulo a ulimi wa manyowa amati papite masiku 120 kuchokera pamene ndowe zosaola zathiridwa kufikira pokolola mbewu imene gawo lake lodyedwa limakhudza dothi. Ife amene timathyola masamba pakangotha milungu inayi tilibe masiku amenewo, choncho ndowe ziziyamba zaphikidwa pamulu.

Nkhani ya madzi ndi imene imagwetsa ulesi anthu a m'tauni, ndipo sitiwadzudzula, pakuti bilu ya madzi ndi ngongole yosakhululukidwa. Koma tiwerengere. M'nyengo yotentha mita imodzi ya mbali zonse zinayi ya ndiwo imamwa pafupifupi malita 5 pa tsiku. Bedi lathu lija ndiye kuti likufuna malita 30, ndowa imodzi ndi theka, ndipo mu Okutobala mwina ndowa ziwiri. Likaphimbidwa ndi udzu wouma wochindikala ngati chikhatho choimika, madzi amene likufuna amatsika ndithu, ndipo dothi lodzala manyowa limasunga chinyezi kuposa katondo wopanda kanthu. Gawo lalikulu la madzi amenewa banja limawataya kale tsiku ndi tsiku: otsukira mpunga, otsukira ndiwo, otsukuluzira mbale. Athiridwe pansi, patsinde, osati pamasamba. Madzi ochapira matewera, a m'ngalande za zimbudzi ndi a sopo wambiri asayandikire. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sitifuna kuti dimba la pakhomo likhale khomo la matenda.

Pamenepa tiyenera kunenetsa chinthu chimene okonda kutengera za m'mabuku a kunja amachiiwala. Bedi lokwezeka limataya madzi msanga, ndipo ubwino wake ndi kuipa kwake zili pomwepo. Ku Mulanje, Thyolo, Zomba ndi Nkhata Bay, kumene mvula imagwa yambiri, ndiponso kulikonse kumene kuli dothi la makande logwira madzi, bedi lokwezeka ndilo limapulumutsa mizu kuti isaole m'dzinja. Ndi nthawi yomweyonso imene tomato, kabichi ndi anyezi zimasowa pamsika n'kukwera mtengo, chifukwa madimba a m'madambo amakhala atamira. Koma munthu wa ku Nsanje, ku Chikwawa, kapena pa mchenga wa ku Salima ndi Mangochi, akakweza bedi m'chilimwe, adzathirira m'mawa n'kupeza lauma masana. Kumeneko, m'miyezi yotentha, bedi likhale lolowa pansi, lokhala ndi kamlambala m'mbali kosunga madzi. Munda wotchuka wa Tikondwe Freedom Gardens ku Dowa, umene Dr Glyvyns Chinkhuntha anauyambitsa m'zaka za m'ma 1980, unadziwika ndi manyowa, ngalande zoyendetsa madzi popanda injini, ndi mabedi olowa pansi. Chimene sichisintha, kaya bedi lakwera kaya latsika, ndi dothi lopangidwa ndi manja, losapondedwa ndi lophimbidwa. Mkulu wa boma amene angalamule kuti sukulu zonse za m'dera lake zikweze mabedi mofanana, osayang'ana nthaka ndi nyengo, adzakhala atachititsa manyazi njira yabwino.

Anzathu a ku Lesotho, dziko la mapiri, miyala ndi chisanu, anapeza njira ina imene ingathandize okalamba ndi odwala. Iwo amamanga bedi lozungulira ngati nkhokwe yaifupi, la mamita awiri kuchokera mbali ina kufika ina, khoma lake la miyala lofika m'chiuno. Mbali imodzi amasiya kampata kolowera, ndipo pakati amaimika dengu lalitali m'mene amatayamo makoko ndi madzi a kukhitchini, kotero kuti chakudya ndi chinyezi zimayenda zokha kuchokera pakati kupita ku mizu. Mabungwe othandiza anthu anafalitsa njira imeneyi kwambiri m'zaka za m'ma 2000, pamene matenda a Edzi anafooketsa mabanja ambiri, chifukwa munthu amalima ali chiimire, osawerama.

Nanga pabedipo padzalidwe chiyani? Apa tili ndi mlandu ndi anthu ophunzira. N'zomvetsa chisoni kuti munthu akangolandira setifiketi amayamba kuona bonongwe, luni, chisoso ndi denje ngati udzu wa anthu osauka, n'kumathamangira kabichi ndi letesi. Komatu masamba obiriwira kwambiri amenewa ali ndi mchere wa ayironi wothandiza magazi ndi vitamini A wothandiza maso, wochuluka kuposa wa m'kabichi woyera mkati. Amapirira dzuwa, sagwidwagwidwa ndi tizilombo, ndipo mbewu yake munthu amasunga yekha osapita kusitolo. Mayi Jessie Williamson analemba za zomera zimenezi m'buku la Useful Plants of Nyasaland mu 1955, limene linasindikizidwanso mu 1975 ndi dzina lakuti Useful Plants of Malawi, ndipo zambiri zimene analembazo anaziphunzira kwa amayi a m'midzi. N'chamanyazi kuti adzukulu a amayi amenewo, atavala mataye, azidikira mlendo kuti awauze ubwino wa chisoso. Sitikukaniza mpiru, repu, tchayinizi, karoti kapena tomato. Zonsezi zimachita bwino m'miyezi yozizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Koma kukatentha ndi m'dzinja bedi lipatsidwe kwa bonongwe, amene amathyoledwa pakatha milungu inayi, kwa therere, kwa chitambe, ndi kwa nkhwani woyangira pampanda. Zikachuluka zifutsidwe. Mfutso wosungidwa bwino m'chikwatu unkadyetsa mabanja chaka chonse firiji isanabwere.

Mbewu zisabwerezedwe pamalo amodzi. Tomato, mabilinganya, tsabola ndi mbatata ya kachewere ndi banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda a m'dothi. Kabichi, repu, mpiru ndi tchayinizi ndi banja linanso. Pamene pachoka tomato pabwere nyemba kapena khobwe, mbewu zimene mizu yake imaonjezera nayitirojeni m'nthaka, kenaka zamasamba, kenaka karoti kapena anyezi. Banja lokhala ndi mabedi atatu kapena anayi limachita kasinthasintha ameneyu mosavuta, ndipo likamafesa pang'onopang'ono, milungu iwiri iliyonse, silikhala ndi ndiwo zoola sabata ino ndi mbale youma sabata ya mawa.

Adzafunsa ena kuti, popanda mankhwala, tizilombo tidzatani? Funsoli n'loyenera, ndipo sitinganame kuti tizilombo timaopa manyowa. Nsabwe zidzabwera pa repu, mbozi pa kabichi, akangaude ofiira pa tomato m'nyengo yotentha. Kambozi ka Tuta absoluta, kochokera ku South America, kamene kanaoneka ku Spain mu 2006 n'kufalikira mpaka kuno ku Africa, kasautsa alimi a tomato ngakhale amene amapopera mankhwala sabata iliyonse. Koma bedi la pakhomo lili ndi chida chimene mlimi wa maekala alibe, ndicho diso la mwini wake m'mawa uliwonse. Mbozi makumi awiri zimatoledwa ndi manja tiyi asanapse. Tsamba logwidwa limathotholedwa n'kukwiriridwa. Nsabwe zimagonja ndi madzi a sopo pang'ono, kapena madzi onyikamo masamba osinja a nimu, adyo kapena tsabola wa kambuzi. Maluwa a marigold amathandiza kuchepetsa tinyongolotsi timene timatupitsa mizu ya tomato ndi therere. Masamba a ombwe nawo amapha tizilombo, koma ndi chomera chomwe chija chimaledzeretsa nsomba m'madzi, motero asatayidwe kumtsinje, ndipo ndiwo zopoperedwa zidikire masiku angapo ndi kutsukidwa bwino. Masamba ena adzabooledwa ndithu, ndipo tsamba lobooka limadyedwa. Choopsa ndi tsamba losalala lopoperedwa dzulo. Botolo lililonse la mankhwala ovomerezeka limalembedwa masiku amene mlimi ayenera kudikira asanakolole, koma wogula pamsika alibe njira yodziwira ngati masikuwo anasungidwa. Za pabedi lake lokha ndi zimene munthu angalumbirire.

Tsopano tibwere kwa inu, aphunzitsi. Phunziro la zaulimi lili m'sukulu zathu za pulayimale ndi za sekondale, ndipo ana amajambula mulu wa kompositi m'makope mwawo mokongola, namakhoza mayeso, ena osaugwirapo n'kamodzi komwe. Choipa koposa n'chakuti m'sukulu zambiri khasu lasanduka chikwapu. Mwana wochedwa, mwana wolongolola, mwana wosalemba ntchito, onse chilango chawo ndi kukalima kapena kukakumba dzenje. Mwana wotereyu akadzakula n'kulembedwa ntchito, adzaona dimba ngati chibalo chimene anachithawa pophunzira, ndipo ndi yemwe uja akusesa bwalo lero n'kumatuma mwana kumsika. Tikupempha aphunzitsi aakulu ndi alangizi a maphunziro kuti chilango chichoke m'dimba la sukulu. Kalasi iliyonse ikhale ndi bedi lake, ana ayeze okha m'litali ndi m'lifupi, awerengere malita ndi mawilibala, alembe tsiku lofesa ndi lokolola, ndipo zokololazo adye iwo eni kapena apite nazo kwa makolo awo. Ndiwo za ana zikamathera m'mphika wa mphunzitsi, anawo amaphunzira phunziro lina limene silili pa silabasi. Ndipo mwana sakhulupirira za pabolodi ngati kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wake, kumene amadutsa tsiku lililonse, kuli fumbi lokhalokha.

Kwa akuluakulu a m'maofesi mawu athu ndi omwewo. Unduna wa za malimidwe umakhazikitsa kampeni yopanga manyowa chaka ndi chaka, ndipo ndi ntchito yoyamikika. Koma mlimi wa kumudzi si mwana. Amaona milu imene imakonzedwa mwachangu m'mbali mwa msewu mlendo wolemekezeka akamabwera, ndipo amadziwanso kuti amene akumulangizayo kwawo amatentha masamba. Mkulu wa boma amene angatulutse m'galimoto mtolo wa bonongwe wa pabedi lake, n'kufotokoza kuti mulu wake unatentha patsiku lachinayi, adzamvedwa kuposa wowerenga zolembedwa papepala.

Tikudziwa chodandaula chachikulu cha antchito a boma, ndipo ndi chomveka. Nyumba si yawo, ndipo kalata yosamutsa imabwera osagogoda; munthu angavutikirenji kukonza dothi limene adzadyerere wina? Yankho loyamba n'lakuti ndiwo si mtengo wa mango. Bonongwe amabweza thukuta m'mwezi umodzi, mpiru m'milungu isanu kapena isanu ndi umodzi chiwokereni, ndipo palibe amene amasamutsidwa kawiri pa teremu. Lachiwiri n'lakuti wosamukayo akupitanso kunyumba imene munali mnzake. Aliyense akamasiya mabedi awiri ndi mulu wa manyowa, aliyense adzapezanso mabedi awiri ndi mulu wa manyowa. Posiyirana nyumba za boma pamawerengedwa makiyi, magalasi a mawindo ndi mipope. Sitikuona chovuta kuti amene amayang'anira nyumbazi, pamodzi ndi makomiti a sukulu, aonjezere mzere umodzi pa pepalalo wonena za mabedi, mpanda ndi mulu wa manyowa. Mbewu yokha ndiyo wosamukayo anyamule. Ngala za bonongwe ndi nyemba za luni ndi therere zisiyidwe kuti zikhwime paphesi, ziumitsidwe pamthunzi, zipukusidwe, zisakanizidwe ndi phulusa losefa, ndipo zitsekeredwe m'botolo louma lolembedwa dzina ndi mwezi wokolola. Botolo limenelo limakwana m'thumba la jekete, ndipo theka lake lingatsalire amene akulowa m'nyumbamo.